Mafunso Anu: Ufumu, Msika ndi Ngongole M'makompyuta Akale

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno anali okhudza magemu a malonda ndi a utsogoleri amene ankaseweredwa pa makompyuta a m'nyumba a zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga Apple II, Commodore 64, ZX Spectrum, BBC Micro ndi Amiga. Tasankhapo mafunso 6, ndipo ena tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo okwanira.

Akonzi, bambo anga aang'ono amanena kuti gemu yokoma koposa imene anasewerapo inalibe chithunzi ngakhale chimodzi koma manambala okhaokha, ndipo iwo ankakhala mfumu yogawa chakudya. Kodi akunena zoona, kapena angokomedwa ndi zakale? (Mnyamata wa kusekondale)

Bambo anu aang'ono sakukunamizani, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozeramu, gemu imene akuikumbukirayo iyenera kukhala Hamurabi, imene ambiri amaitenga ngati gogo wa magemu onse a mtundu umenewu. Anailemba ndi Doug Dyment mu 1968 pa kompyuta ya PDP-8, atamva za gemu ina yophunzitsira ana asukulu yotchedwa The Sumerian Game, imene mphunzitsi wina wa ku New York, Mabel Addis, anakonza mu 1964 mothandizana ndi kampani ya IBM. Chimene chinaifalitsa kwambiri ndi buku la David Ahl, limene linatuluka mu 1973 n'kudzasindikizidwanso mu 1978 poganizira makompyuta a m'nyumba. M'bukumo munali mapulogalamu a magemu olembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa BASIC, moti munthu ankakhala pansi madzulo onse akutaipa mzere ndi mzere, ndipo akaphonya chilembo chimodzi gemu inkakana kuyenda mpaka atachisaka n'kuchipeza.

Wosewera amapatsidwa dziko lakale la Sumeria kuti alilamulire zaka 10. Amayamba ndi anthu 100, minda ya maekala 1,000, ndi dzinthu zokwana miyeso 2,800 m'nkhokwe. Chaka chilichonse kompyuta imamufunsa kuti agula kapena agulitsa maekala angati, adyetsa anthu miyeso ingati, ndipo adzala maekala angati. Munthu mmodzi amadya miyeso 20 pachaka ndipo sangalime maekala opitirira 10, pamene muyeso umodzi wa mbewu umakwana maekala 2. Mukachita masamuwo muona kuti kudyetsa anthu onse chaka choyamba kumatha miyeso 2,000, kudzala minda yonse kumatha 500, ndipo m'nkhokwe mumangotsala 300. Zikatero mfumu imangodikira, pakuti ekala imodzi imatha kubereka muyeso umodzi wokha kapena kufika 5, makoswe amalowa m'nkhokwe, ndipo nthawi zina mliri umapha theka la anthu. Mtengo wa ekala umasinthasintha pakati pa miyeso 17 ndi 26, choncho mfumu imene njala yaipanikiza imagulitsa minda ngakhale pa mtengo wolira, ndipo anthu opitirira 45 pa 100 alionse akafa ndi njala chaka chimodzi, imachotsedwa pampando pomwepo.

Kukoma kwa gemu yotere n'kwakuti palibe chimene chimakubisirani cholakwa chanu. Manambala ndi ochepa, moti munthu angathe kuwasunga onse m'mutu, ndipo anthu akafa chaka chachitatu mumadziwa bwino lomwe kuti munawapha ndinu chaka chachiwiri, pamene munatengeka ndi kutchipa kwa minda n'kugulira dzinthu zimene zinayenera kukhala chakudya. Magemu ambiri a masiku ano ali ndi zinthu zikwizikwi zochitika nthawi imodzi, ndipo munthu akaluza sadziwa chimene chamugwetsa. Ndikuganiza kuti chimene bambo anuwo akuchisowa n'chimenechi, osati unyamata wawo wokha.

Ndayamba kusewera Elite. Ndili ndi mafunso awiri: zinatheka bwanji kuti mapulaneti ochuluka chonchi akwane m'kompyuta yaing'ono ngati BBC Micro, ndipo ndichite chiyani kuti ndalama 100 zimene ndayamba nazo zisamangothera mafuta? (Wowerenga watsopano)

Funso loyambalo limadabwitsa ngakhale akatswiri. Elite, gemu yochita malonda pa chombo cha m'mlengalenga, inatuluka mu 1984 kudzera ku kampani ya Acornsoft, ndipo anailemba ndi David Braben ndi Ian Bell ali ophunzira pa yunivesite ya Cambridge. BBC Micro ya mtundu wa Model B inali ndi memori ya 32 KB yokha, ndipo gawo lina la memori imeneyi linkapita ku zooneka pa sikirini. Komabe gemuyi ili ndi milalang'amba 8, uliwonse wa mapulaneti 256, kutanthauza mapulaneti 2,048, lililonse lili ndi dzina lake, boma lake, chuma chake ndi mitengo yake. Chinsinsi chake n'chakuti mapulanetiwo sanasungidwe paliponse. Chimene chinasungidwa ndi manambala atatu oyambira, ndipo kompyuta imawaphatikiza ndi kuwasuntha motsatira lamulo limodzi losasintha, n'kutulutsa manambala ena amene amasanduka dzina la pulaneti, malo ake pa mapu ndi mtundu wa boma lake. Popeza manambala oyambirawo ndi amodzimodzi nthawi zonse, pulaneti la Lave limene inu mwayambirapo ndi lomwelo limene aliyense anayambirapo mu 1984.

Za ndalamazo, lamulo lake ndi lachidule ngakhale kuti kulitsatira kumafuna kuugwira mtima. Mapulaneti a ulimi amagulitsa motchipa chakudya, nsalu, zikopa ndi mowa, ndipo amagula modula makina ndi makompyuta, pamene mapulaneti a mafakitale amachita mosemphana. Lave ndi la ulimi, ndipo chapafupi pali Zaonce ndi Leesti, amene ndi a mafakitale komanso a boma lokhazikika. Pezani mapulaneti awiri otere oyandikana, muziyenda pakati pawo mobwerezabwereza osatopa, ndipo musalole chombo kuuluka chopanda katundu ulendo ngakhale umodzi. Chombo chanu cha Cobra Mk III chimanyamula matani 20, ndipo chinthu choyamba chofunika kugula ndalama zikayamba kuoneka si mfuti yamphamvu ayi, koma chipinda chachikulu cha katundu chimene chimakweza mataniwo kufika 35, chifukwa chimenecho chimabweza ndalama yake pa maulendo ochepa.

Ndikutsineni khutu pa zinthu ziwiri. Musapite msanga ku mapulaneti opanda boma monga Riedquat, kumene achifwamba amadikirira chombo chilichonse cholowa, ngakhale mitengo yake ikukokeni bwanji. Ndiponso musathamangire katundu woletsedwa, monga mankhwala ozunguza bongo ndi mfuti, chifukwa phindu lake limabwera limodzi ndi apolisi, ndipo paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Osewera atsopano ambiri safa n'komwe pankhondo, koma amadziwombetsa pakhomo la siteshoni yozungulira imene zombo zimaimapo pofuna kulowa mothamanga, choncho yambani mwaphunzira kuimika chombo musanaganize zolemera.

Ndine mphunzitsi wa maphunziro a zamalonda. Mnzanga wina akuti magemu akalewa angathandize ana kumvetsa bizinesi kuposa buku. Ine ndikukayika, chifukwa msika weniweni suyendera masamu a kompyuta. Inu mukuti bwanji? (Mayi wophunzitsa)

Mayi, nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi, koma tiyenera kusiyanitsa magemuwa chifukwa saphunzitsa chinthu chimodzi.

Lemonade Stand inapangidwira sukulu kuchokera pachiyambi. Anailemba ndi Bob Jamison mu 1973 ku bungwe la zamaphunziro la MECC ku Minnesota, ndipo Charlie Kellner anaisamutsira pa Apple II mu 1979. Mwana amayamba ndi madola 2, ndipo m'mawa uliwonse amauzidwa mmene nyengo ilili, kenako amasankha kuti apanga matambula angati a chakumwa cha mandimu, alemba zikwangwani zingati zoitanira anthu pa masenti 15 chilichonse, ndipo agulitsa tambula imodzi pa mtengo wanji. Akapanga zambiri tsiku la mitambo zimatsala n'kutayika, akakweza mtengo mopitirira anthu amangodutsa, ndipo patapita masiku ochepa gemu imamuuza kuti amayi ake asiya kumupatsa shuga waulere, moti ndalama yopangira tambula imodzi imakwera. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sadzasokonezanso ndalama zimene walandira kwa ogula ndi phindu, ndipo inu mukudziwa kuti akuluakulu ambiri amene amadya mpamba amagwera pomwepa.

Taipan! imaphunzitsa za ngongole mopanda chifundo. Art Canfil anailemba pa kompyuta ya TRS-80, ndipo inatchuka itatuluka pa Apple II mu 1982. Wosewera ndi wamalonda wa sitima yapamadzi wa m'zaka za m'ma 1860, woyenda pakati pa madoko 7, amene ndi Hong Kong, Shanghai, Nagasaki, Saigon, Manila, Singapore ndi Batavia. Pachiyambi penipeni amasankha kuyamba ndi ndalama pang'ono ndi ngongole yaikulu kwa wakatapila wotchedwa Elder Brother Wu, kapena kuyamba ndi mizinga 5 wopanda ndalama komanso wopanda ngongole. Chiwongoladzanja cha Wu chimaberekana mwezi ndi mwezi, ndipo amene wachedwa kubweza amapezeka kuti akugwirira ntchito wakatapilayo. Pali nkhani yoseketsa yakuti pa Apple II munthu ankatha kubweza ndalama zopitirira ngongole yake, ngongoleyo n'kutembenuka kukhala ya Wu, moti chiwongoladzanja chinkayamba kuberekera wosewerayo. Chimenecho chinali cholakwika cha m'pulogalamu, koma mphunzitsi wochenjera angachigwiritse ntchito posonyeza kuti chiwongoladzanja chilibe mbali, chimalemeretsa aliyense amene ali kumbali yolandira. Dziwani chabe kuti katundu wodula koposa m'gemuyi ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium, mogwirizana ndi mbiri ya malonda a nthawi imeneyo, choncho si yopatsa ana aang'ono popanda kuwafotokozera.

Tsopano kukayika kwanu kuja. M'magemu ambiri otere mtengo umachokera m'masamu ndi m'mwayi, osati mwa anthu. Mu Elite mungagule matani onse a chinthu amene ali pamsika, mtengo osasuntha ngakhale pang'ono, ndipo palibe wamalonda mnzanu amene angaone njira yanu yopindulitsa n'kuyamba kuitsatira mpaka phindu litatha. Mwana amene waphunzira pa magemu otere okha angaganize kuti bizinesi ndi kupeza njira imodzi yabwino n'kumaibwereza mpaka kale, pamene pamsika weniweni njira yabwino imakhala yabwino kufikira tsiku limene ena aidziwa.

Pali gemu imodzi imene inathetsa vuto limeneli, ndipo ngati mungasankhe imodzi yokha ya m'kalasi, ine ndingakulangizeni imeneyi. Dzina lake ndi M.U.L.E., yolembedwa ndi Dani Bunten ndi anzake a ku Ozark Softscape, ndipo Electronic Arts inaitulutsa mu 1983 pa makompyuta a Atari, kenako pa Commodore 64. Anthu 4 amakakhazikitsa mudzi pa pulaneti la Irata, limene dzina lake ndi Atari woliwerenga chobwerera. Aliyense amatenga malo n'kuikapo bulu wa makina woti azilima chakudya, azipanga magetsi kapena azikumba miyala. Amene alibe chakudya amachepekeredwa nthawi yogwirira ntchito, amene alibe magetsi abulu ake amaima, ndipo mwala wotchedwa smithore ukasowa, sitolo imaleka kupanga abulu atsopano ndipo otsalawo amakwera mtengo. Kumapeto kwa mwezi uliwonse kumakhala okushoni, kumene ogulitsa amaima pamwamba pa sikirini n'kumatsika ndi mtengo, ogula amaima pansi n'kumakwera, ndipo malonda amachitika pamene akumana. Apa mtengo umapangidwa ndi anthu okhala mpando umodzi, oyang'anana m'maso, wina akunamizira kuti sakufuna kugula pamene njala yamugwira. Munthu angathe kubisa chakudya kuti anzake alire, koma pomaliza gemu imawerengeranso chuma cha mudzi wonse, moti wodyera anzake masuku pamutu angathe kukhala woyamba m'mudzi umene walephera. Kuchepa kwa katundu, kugwirizana kwa ogulitsa pokweza mtengo, ndi ubwino woti aliyense alimbikire chimene malo ake amabereka bwino, zonsezi ana amazitulukira okha ola limodzi lisanathe, ndipo ntchito yanu imangotsala yowapatsa mayina a zimene aona.

Kodi Football Manager ya pa ZX Spectrum ndi yomweyi imene timasewera masiku ano? (Wokonda mpira)

Dzina ndi limodzi koma eni ake ndi osiyana. Yakaleyo anailemba ndi Kevin Toms m'chinenero cha BASIC, n'kuitulutsa mu 1982 kudzera ku kampani yake ya Addictive Games, ndipo nkhope yake yandevu inkaoneka pa chikuto cha kaseti. Timu iliyonse imene mwasankha inkayambira mu divishoni yachinayi ya ku England, inu n'kumagula ndi kugulitsa osewera, kupumitsa otopa, ndi kubwereka ndalama kubanki zikavuta. Pa Spectrum munkaonera timphindi ta masewero ta anthu ojambulidwa ngati timitengo, osatha kuchitapo kanthu, ndipo kusowa chochitako n'kumene kunkaimitsa mtima. Ya masiku anoyi imachokera ku Championship Manager, imene Paul Collyer ndi m'bale wake Oliver anatulutsa mu 1992. Kampani yawo ya Sports Interactive itasiyana ndi Eidos inasiya dzina lakalelo m'manja mwa Eidos, ndipo kuyambira mu 2004 yakhala ikutulutsa gemu yake ndi Sega pa dzina la Football Manager.

Ndaona kuti magemu ambiri a malonda a pa Commodore 64 ndi Amiga ali m'Chijeremani. N'chifukwa chiyani, ndipo alipo amene munthu wosadziwa chinenerocho angasewere? (Bambo wopuma pantchito)

Bambo, mwaona bwino. Makompyuta a Commodore anagulidwa kwambiri ku West Germany, ndipo kumeneko magemu a zachuma anakula mpaka kukhala mtundu wodziimira pawokha. Kaiser, ya mu 1984, imakupatsani kadera kakang'ono kuti muzisamala dzinthu, misonkho ndi asilikali, n'kumakwera maudindo mpaka ufumu waukulu, ndipo magazi a Hamurabi amaonekeratu m'menemo. Hanse, imene Ralf Glau analemba ndipo Ariolasoft inatulutsa mu 1986, imakuikani mu mzinda wa Lübeck m'zaka za m'ma 1300 monga wamalonda wotumiza sitima ku madoko a kumpoto kwa Ulaya. Chaka chotsatira Glau yemweyo anatulutsa Vermeer, ya minda ya khofi, tiyi, koko ndi fodya, imene phindu lake limakathera kugula zojambula pa okushoni. M'kuona kwanga, chinathandiza ndi chakuti magemuwa ankaseweredwa ndi anthu angapo mosinthana pa kompyuta imodzi, monga mmene mabanja a kumeneko amakondera masewera a patebulo, komanso chakuti boma linkaletsa kugulitsa poyera kwa ana magemu ena ankhondo, monga linachitira ndi River Raid mu 1984.

Yoyambira yabwino kwa inu ndi Ports of Call, ya Rolf-Dieter Klein ndi Martin Ulrich, imene inatuluka pa Amiga mu 1987 ndipo ilipo m'Chingerezi. Mumagula sitima yakale ya katundu pangongole, kusankha katundu ndi doko lopitako, kugula mafuta kumene atchipa, ndi kulipira chindapusa mukachedwa kufikitsa katundu wa nthawi yoikika. Chimene anthu amaikumbukira nacho ndi nthawi imene mabwato okoka sitima anyanyala ntchito, inu n'kukakamizika kuilowetsa nokha padoko, podziwa kuti mukagunda khoma ndalama zokonzetsera zichokera m'thumba lomwe lija.

Malume anga anandisiyira Commodore 64 ndi bokosi la makaseti ndi madisiki. Ndingoilumikiza kumagetsi n'kuyamba kusewera? (Mdzukulu wolandira chuma)

Chonde musatero. Chida choopsa kwambiri m'bokosimo ndi chija chakuda cholemera chimene chimatsitsa magetsi a pakhoma asanalowe m'kompyuta. Zida zimenezi zikakalamba zimatha kutulutsa mphamvu yopitirira mavoti 5 amene kompyutayo imafuna, ndipo zikatero zimawotcha memori m'kanthawi kochepa popanda chenjezo lililonse. Pezani munthu wodziwa zamagetsi achiyeze kaye, koma chanzeru koposa ndi kugula chatsopano, chifukwa zilipo zopangidwira makompyuta amenewa masiku ano. Makompyuta ena a nthawiyo ali ndi matenda awoawo: Amiga 500 Plus ili ndi batire limene limadontha n'kudya mawaya a m'kati, ndipo BBC Micro imene yakhalitsa osayatsidwa imakonda kufuka utsi kuchokera m'kachida kena ka m'gawo la magetsi. Onaninso ngati kompyuta yanuyo ndi ya PAL, ya ku Ulaya, kapena ya NTSC, ya ku America, chifukwa zimenezi zimakhudza wailesi yakanema imene ingaonetse zithunzi zake komanso magemu amene angayende bwino.

Pamene mukudikira zimenezo, mungathe kuyamba kusewera pa kompyuta ya masiku ano pogwiritsa ntchito emulator, imene ndi pulogalamu yotsanzira makina akalewo. Ya Commodore 64 ndi VICE, ya Spectrum ndi Fuse, ya Atari ndi Altirra, ya BBC Micro ndi BeebEm, ndipo ya Amiga ndi WinUAE, ngakhale kuti imeneyi imafuna pulogalamu ya Kickstart imene mpaka pano ili ndi eni ake ndipo imagulitsidwa mwalamulo. Kukalamba kwa gemu sikutanthauza kuti yasanduka ya aliyense, choncho yambani ndi amene eni ake anawalola kufalitsidwa kwaulere, kapena amene anthu analembanso mwatsopano potengera akalewo, monga Oolite yotengera Elite ndi OpenTTD yotengera Transport Tycoon Deluxe ya Chris Sawyer ya mu 1995.

Kompyutayo ikadzakonzeka, pa disiki mudzalemba LOAD"*",8,1 n'kudina RETURN, ndipo pa kaseti mudzadina SHIFT pamodzi ndi RUN/STOP kenako PLAY. Kaseti imatha kutenga mphindi zingapo ndipo nthawi zina imakana pamapeto penipeni, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Madisiki aoneni kaye powala, ndipo amene ali ndi nkhungu musawalowetse m'makina chifukwa amadetsa kamutu kowerengera n'kukanda ena abwino. Mapepala onse a m'bokosimo asungeni bwino, ngakhale ooneka ngati opanda ntchito. Magemu a malonda ankadalira timabuku tawo pofotokoza malamulo ndi ntchito ya batani lililonse, popeza m'memori munalibe malo a zimenezo, ndipo ena amayamba akufunsani liwu la pa tsamba lakutilakuti la kabukuko asanakuloleni kusewera, imene inali njira yawo yotchingira okopera.